Chogwirira chopendekeka pa mfuti ya mlonda: lipoti la ntchito imene ndinaikonza kawiri

Lipotili ndalembera anzanga amene timasamalira mfuti za mabungwe, makamaka inu amene mwayamba kulandira mfuti za mtundu wa AR zokhala ndi chogwirira chachitali cha aluminiyamu kutsogolo, chija ambiri timangochitcha handigadi. Mfuti imodzi yotere inafika pa tebulo langa kuno ku Mzuzu maulendo awiri ndi vuto limodzimodzi. Ulendo woyamba ndinakonza chimene maso anga anaona, ndipo pasanathe mwezi inabwereranso. Pa nkhani yomweyi mnyamata wina anatsala pang'ono kuchotsedwa pa ntchito yake chifukwa cha nati imodzi imene ine ndinali ndisanaiyang'ane.

Mfutiyo ndi ya bungwe lina losamalira nkhalango ndi minda cha ku mapiri a Viphya. Ali ndi mfuti zingapo za chilolezo, ndipo alonda awo amazinyamula poyendera nkhalango komanso nguluwe zikavuta m'minda ya anthu oyandikana nawo. Mfuti zawo ndimaziona kawiri pachaka. Ikafunika kubwera mtauni imabwera ndi kapitawo wawo pamodzi ndi mapepala ake, ndipo timailemba m'buku polowa ndi potuluka. Iyi inali ya zipolopolo za .223 Remington, yotulutsa chipolopolo chimodzi pa kukoka kumodzi nkudzilowetsera yokha china, mpope wake wa mainchesi 16, chogwirira cha masentimita 38. Bungwelo linaigula kwa munthu wina chogwiriracho chili kale pomwepo, ndiye palibe amene ankadziwa kuti anachimanga ndani.

Ife amene tinaphunzira ntchito pa mfuti zakale monga G3 ndi SLR tili ndi chizolowezi chimene chimatisocheretsa apa. Pa mfuti zimenezo chogwirira ndi chongoteteza dzanja kuti lisapse. Diso lakutsogolo, kachitsulo kaja timayang'anira poloza chandamale, silikhala pa chogwirira, ndiye ngakhale chigwedere, chipolopolo chimapitabe kumene waloza. Pa mfuti ya AR yokhala ndi chogwirira chosakhudza mpope zinthu nzosiyana. Chogwiriracho chimaluma pa nati yaikulu imene imamangirira mpope ku thupi la mfuti, ndipo palibenso pena pamene chagwira. Pamwamba pake pali njanji, ndipo diso lakutsogolo limakhala pa njanjiyo, pomwe diso lakumbuyo lili pa njanji ya thupi. Chogwirira chikangosuntha, diso limodzi lasuntha, linalo lili pomwe linali, mpope nawo uli pomwe unali.

Chizindikiro choyamba

Mlonda amene ankanyamula mfutiyi ndi mnyamata amene wagwira ntchitoyi zaka 3, ndipo m'mbuyo monsemo ankakhoza bwino mayeso owombera chandamale. M'mwezi wa Malichi analephera. Pa mtunda wa mamita 50 zipolopolo zake zisanu zinagwa pamodzi bwinobwino, koma masentimita 15 kumanzere kwa pakati. Anachita zimene anaphunzitsidwa: anapotoza diso lakumbuyo kupita kumanja mpaka zipolopolo zinabwerera pakati. Patatha masabata awiri anamuyesanso. Ziwiri zoyamba zinagwa pakati, zotsatirazo zinayamba kuthawira kumanja, china m'mphepete mwenimweni mwa pepala.

Kapitawo, bambo wachikulire amene ndimamulemekeza kwambiri pa ntchito yake, anaona kuti vuto ndi munthu. Mfuti yoipa, iwo anatero, imalakwitsa mbali imodzi. Ikamalakwitsa uku ndi uku ndiye kuti dzanja ndi limene likunjenjemera. Anali atakonza zomuchotsa pa gulu loyenda ndi mfuti kuti azikalambula misewu yotchinga moto. Mnyamatayo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mfutiyo ionedwe kaye. Atafika anandiuza kuti, "Bambo, ine ndikuloza monga ndimalozera masiku onse. Sindikudziwa chimene chasintha, koma si ine."

Ulendo woyamba

Nditachotsa magazini, kukoka chokokera chake kawiri ndi kuona ndi maso komanso chala kuti m'chipinda mokhala chipolopolo mulibe kanthu, chinthu choyamba kundigwira mtima chinali diso lakumbuyo. Linali litapita kumanja pafupifupi mpaka pothera. Mfuti yabwino siifuna zimenezo. Mukaona diso lafika kumapeto, dziwani kuti munthu wakhala akuthamangitsa vuto limene lili kwina.

Ndinalekanitsa thupi lakumtunda ndi lakumunsi, nkulikhazika mu vayisi. Ndinaika kalevulo kakang'ono pa njanji ya thupi ndi kuwongola mpaka thovu linakhala pakati. Nditasamutsira kalevuloko kumapeto kwa njanji ya chogwirira, thovu linathawira kumanzere, kusonyeza kuti mbali ya kumanja yatsika. Pamene njanji ziwirizi zimakumana panali kachitunda kamene chikhadabo chinkakodwapo. Munthu ukaimirira kumbuyo kwa mfuti monga wowombera, pamwamba pa chogwirira panali patapendekekera kumanja ndi digiri imodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono.

Digiri imodzi ndi theka imamveka ngati si kanthu, ndiye tiyeni tiwerengere. Nsonga ya diso lakutsogolo pa mfuti za AR imakhala mamilimita pafupifupi 66 pamwamba pa pakati pa mpope. Kuzungulira kwa digiri imodzi kumasuntha nsongayo ndi milimita imodzi ndi kanthu, ndiye digiri imodzi ndi theka ndi mamilimita 1.7. Pa mfuti iyi maso awiri anatalikirana mamilimita 500. Mamita 50 ndi kuwirikiza ka 100 kwa mtunda umenewo, choncho mamilimita 1.7 pa diso amasanduka masentimita 17 pa chandamale, ndipo pa mamita 100 amasanduka masentimita 34. Diso lakutsogolo likapita kumanja, wowombera amakhotetsera kamwa la mfuti kumanzere kuti maso akumane, ndiye chipolopolo chimagwa kumanzere. Pepala la mnyamata uja linkanena zomwezo.

Chogwirira cha mtundu uwu chili ndi mabawuti awiri kunsi amene amachifinya kuti chilume nati. Nditayesa, limodzi linazungulira pang'ono lisanalimbe. Apo ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinati ndapeza chifukwa: mabawuti akhwefuka, chogwirira chaterereka pa nati. Ndinawamasula pang'ono chabe, ndinagwira chogwirira ndi manja awiri nkuchibweza kumanzere, chinamvera, thovu linabwerera pakati. Ndinamanga mabawuti, ndinabweza diso lakumbuyo pakati, ntchito yonse yosakwana ola.

Panali zinthu zitatu zimene ndinaziona tsiku limenelo koma osazifunsa mafunso. Choyamba, kumbuyo kwa chogwirira kumayenera kukhala timakutu tiwiri timene timakumbatira thupi la mfuti mbali zonse kuti chisazungulire. Pa iyi timakututo tinali titadyedwa ndi tupa mpaka kutsala tizitsa tonyezimira. Chachiwiri, titakayesa pa bwalo lawo lowomberapo, zipolopolo zanga zisanu zinagwadi pakati koma zinamwazikana masentimita 6, ndipo ndinaimba mlandu mphepo ndi zipolopolo zakale. Chachitatu ndi mbali imene chogwirira chinapendekekera, ndipo ndifotokoza pansipa chifukwa chake imeneyo inali nkhani yaikulu. Ndinalemba m'buku kuti mfuti yakonzedwa, ndinauza kapitawo kuti mnyamata analibe mlandu, ndipo ananyamuka.

Kubwerera kwake

Panapita masabata atatu a mvumbi, mvula ija ya mu Epulo imene kuno siidziwa kukata, ndipo anatulukiranso. Nthawi ino kapitawo anali wokhumudwa ndi tonse awiri. Koma mnyamata anabwera ndi umboni. Tsiku limene ndinamukonzera, atafika kwawo anatenga pensulo nkujambula mzere umodzi wodutsa pamene njanji ziwiri zikumana, kuchoka pa thupi kukafika pa chogwirira. Palibe amene anamuuza. Tsiku lililonse akaweruka ankauyang'ana. Pa tsiku la 9 mzerewo unaduka pakati, theka lakutsogolo litapita kumanja. Anati akagwira chogwirira mwamphamvu nkuchipotoza, mzere umakumananso, koma akayenda tsiku limodzi umadukanso.

Anawonjezera chinthu china chimene chinandiimitsa mutu. "Ndikabweza chokokera pang'onopang'ono, chitsulo cha m'kati chimachita ngati chakodwa chisanatseke. Ndikachisiya mwamphamvu chimatseka." Mabawuti awiri aja ndinawayesa pamaso pawo. Anali olimba monga ndinawasiyira. Chogwirira sichinaterereke pa nati ayi. Chimene chinkazungulira chinali nati yeniyeniyo, chogwirira chikungoitsatira.

Ndiye ndinakumbuka za mbali ija. Nati ya mpope imamangidwa monga nati ina iliyonse: ukaima kukamwa kwa mfuti, umaizunguza motsata wotchi. Kwa munthu amene ali kumbuyo kwa mfuti, ndiye kuti pomanga pamwamba pa nati pamapita kumanzere, pomasuka pamapita kumanja. Chogwirira chopendekekera kumanja kwa wowombera chapita mbali imene nati imamasukira. Sikuti nthawi zonse chimenecho chimatanthauza nati yokhwefuka, koma ndi chifukwa chokwanira chovulira chogwirira ndi kuika sipanala pa nati. Tsiku lija pamene ndinkachibweza ndi manja, mabawuti ndinali nditawamasula pang'ono kwambiri moti chinali chikulumabe. Ndinazunguza nati ndi manja anga osadziwa, nkumaganiza kuti ndawongola chogwirira.

Zimene ndinapeza m'kati

Ndinachotsa maso onse awiri, ndinamasuliratu mabawuti, ndinasolola chogwirira. Nati inali ndi mabala a mano, ooneka kuti inamangidwa ndi sipanala ya mapulambala. Nditaikapo sipanala yake yeniyeni, inasuntha ndi zala ziwiri.

Mfuti za AR zinachokera ku kapangidwe ka Eugene Stoner ndi anzake ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimayenda ndi mpweya wa wonga umene umatengedwa pa kabowo ka pa mpope nkubwerera m'mbuyo kudzera m'kapaipi kakang'ono, kufikira m'thupi momwe umakankha chonyamulira bolt, bolt kukhala chitsulo chimene chimalowetsa chipolopolo m'chipinda ndi kutseka kumbuyo kwake. Pa mfuti iyi kapaipiko kamadutsa m'limodzi mwa mabowo ozungulira nati. Ndiye nati ikamasuka, siipita patali: imazungulira mpaka khoma la bowo litagunda kapaipi. Kapaipi kopyapyala kaja ndi kamene kankagwira nati yonse kuti isamasukiretu. Kumanzere kwake, pamene kamadutsa mu nati, kanali ndi bala lonyezimira ngati lapalidwa ndi mpeni. Kumapeto kwake m'kati mwa thupi, kamutu kamene kamalowa m'kamwa mwa chonyamulira bolt kanali katadyeka mbali imodzi. Kumeneko ndiye kukodwa kumene mnyamata ankakumva.

Nditamasula nati, m'mizere yake, imene amakaniko amati thiredi, munatuluka tepi yoyera ija amakulunga pa mipope ya madzi. Munalibe girizi ngakhale pang'ono. Ndikuganiza kuti zinayenda chonchi: amene anamanga chogwirirachi anazunguza nati, bowo linakumana ndi njira ya kapaipi nati isanalimbe, bowo lotsatira linaoneka kutali kwa chida chimene anali nacho, ndiye anabwerera, anakulunga tepi kuti imveke yolimba, nkusiya pomwepo. Timakutu tija mwina sitinkalowa bwino pa thupi, ndiye anatidya ndi tupa. Zinthu ziwiri zimene zimaletsa chogwirira kuzungulira zinachotsedwa tsiku limodzi. Chotsala chinali lamba. Mnyamatayu amakoleka lamba kumanzere kwa chogwirira, mfuti ili pachifuwa, ndiye phazi lililonse potsika ndi pokwera zitunda lamba ankakokera mbali yakumanzere m'mwamba, komwe ndi kumasula nati.

Ndisanaganize zomanga ndinafuna kudziwa ngati thupi la mfuti lapulumuka. Kumbuyo kwa mpope kuli kapini kakang'ono kamene kamalowa mu kampata pa thupi kuti mpope usazungulire. Thupi ndi la aluminiyamu, kapini ndi kachitsulo, ndiye nati ikakhala yokhwefuka nthawi yaitali, kapini kamatha kukuza kampatako. Kakanakhala kuti kakula, ndikanalemba kuti thupilo lisagwiritsidwenso ntchito, chifukwa mpope wokhala mopendekeka umasokoneza ngakhale njira imene chipolopolo chimakwerera polowa m'chipinda. Mwamwayi kampata kanangonyezimira m'mbali, kapini kankalowa mothina. Mizere ya pa thupi nditaitsuka ndi burashi ndi palafini inali yonse bwino, yopanda mng'alu. Nkhope ya thupi pamene mpope umatsamira inali yosalala. Ndinayesanso mpata umene chipolopolo chimakhalamo bolt ikatseka, ndi mageji a chipinda, lolowa ndi losalowa. Pa mfuti za AR mpata umenewo umadalira bolt ndi chitsulo cha kumbuyo kwa mpope, osati nati, koma mfuti imene yakhala ikuwombedwa mpope ukugwedera sindingaibweze kwa munthu osaiyeza. Inakhoza. Kugwedera kwa mpope kuja ndi kumene kunamwaza zipolopolo zanga masentimita 6.

Zimene ndinakana kuchita

Kapitawo anafunsa ngati sitingangothira guluu wa mabawuti kuti nkhani ithe. Ndinakana. Guluu akanagwira nati pamalo pomwe ili koma sakanapanikiza mpope ku thupi, pomwe ntchito ya natiyo ndi imeneyo. Komanso tsiku limene mpope udzafune kusinthidwa, munthu adzalimbana nayo ndi moto pa aluminiyamu. Palinso timawashala topyapyala timene ena amaika pakati pa nati ndi mpope kuti bowo likumane msanga. Timeneto ndi tabwino tikakhala topangidwira ntchitoyo, koma ine ndinalibe, ndipo kudula chitini cha zakumwa kuti chilowe m'malo mwake ndi kubwereza nzeru ya tepi ija. Kugogoda nati ndi chisulo ndi nyundo ndinakana ndisanafunsidwe nkomwe.

Njira imene inatsala ndi yodziwika kale. Buku la asilikali a ku America la mfuti za banja limeneli limati nati ya mpope imangidwe pakati pa ma foot-pound 30 ndi 80, komwe ndi ma Nm (newton-metre, muyezo wa mphamvu yomangira nati) pafupifupi 41 mpaka 108. Mpata waukulu choncho anauika dala kuti munthu apitirize kumanga mpaka bowo likumane ndi njira ya kapaipi. Ngati wopanga chogwirira wapereka nambala yakeyake, tsatirani yakeyo; apa pepala lake panalibe, ndipo nati inali yachitsulo ya mabowo, ndiye ndinatsata ya bukulo.

Kumanga

Sipanala yanga yoyeza mphamvu ndi yaing'ono, siifika kumeneko. Ndinakabwereka yaikulu kwa mnzanga makaniko ku Luwinga, amene amamangira mitu ya injini. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri timaiwala: mutu wa sipanala ya nati ukalumikizidwa molunjika ndi sipanala yoyezera, mkono umatalika, ndiye mphamvu yofika pa nati imaposa imene ikuoneka pa nambala. Ndinaulumikiza mopingasa, ngati ngodya ya nyumba, kuti nambala inene zoona.

Thupi ndinaligwira ndi chipika chake cha pulasitiki yolimba chimene chimalikumbatira mu vayisi. Musagwire chogwirira mu vayisi, ndipo musamange nati thupi lakumtunda lili lolumikizidwa ndi lakumunsi, chifukwa mphamvu yonse imakathera pa timiyendo tiwiri ta mapini amene amalumikiza matupi awiriwo. Ndinapaka girizi wa molybdenum pa mizere, wokwanira kuphimba koma osasefukira. Ndinamanga mpaka ma Nm 41 nkumasula, kumanganso nkumasula, katatu. Zimenezi zimakhazika mizere ya nati ndi ya thupi kuti zizolowerane. Tepi itachoka, nati inapitirira yokha pamene inaima kale, ndipo ulendo uliwonse bowo lotsatira linkayandikira. Ulendo wachinayi pa 41 linali litatsala pang'ono, ngati theka la bowo. Kuona maso a nkhono nkudekha: ndinakweza nambala pang'onopang'ono, 50, 55, 60, ndikuyesa ulendo uliwonse ndi tsinde la kabowolero ka mamilimita 4.5, kamene kakula pafupifupi ngati kapaipi ka mpweya. Pa ma Nm 70 kanadutsa mu nati nkulowa m'thupi popanda kukhudza mbali iliyonse.

Mukapitirira bowo, musabwezere nati m'mbuyo pang'ono kuti likumane. Nati yobwezedwa yataya kale mphamvu yake. Masulani yonse, muyambirenso.

Kapaipi kodyeka kaja sindinakabwezere. Bungwelo linali ndi kamodzi kapadera m'bokosi limene linabwera ndi mfuti zawo, ndipo kapitawo anakatumiza tsiku lotsatira. Nditakamanga, ndinachotsa bolt m'chonyamulira chake, ndinapendeketsa thupi, nkusiya chonyamulira chokhacho kuti chitsetsereke. Chinatsika chokha mpaka kutseka, kapaipi kakulowa m'kamwa mwake osamveka. Mayeso amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo ndikanawachita ulendo woyamba ndikanadziwa kuti pali china.

Chogwirira ndinachigubuduza pa galasi kuti ndione ngati chakhota, chinali chowongoka. Pochibwezera, maso sindinawakhulupirire. Njanji za mtundu wa Picatinny zili ndi muyezo umodzi, MIL-STD-1913 wa mu 1995, umene umati mpata uliwonse ukhale mamilimita 5.23 ndipo kuchoka pakati pa mpata kufika pakati pa wotsatira pakhale mamilimita 10.01. Chifukwa cha muyezo umenewo, chomangira galasi loonera patali cha chitsulo chimodzi chimatha kuluma njanji zonse ziwiri nthawi imodzi ngati zakhala bwino. Ndinachimanga modutsa pokumanira, theka pa thupi theka pa chogwirira, kuti chizigwire pamzere umodzi, kenako ndinamanga mabawuti awiri aja mosinthanasinthana, pang'ono ili pang'ono ilo, ndi sipanala yanga yaing'ono. Ukamangitsa limodzi lokha mpaka kumapeto, chogwirira chimakokera mbali. Nditachotsa chomangiracho, thovu la levulo linali pakati kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Ndi veniya ndinayeza mpata wa pakati pa mpope ndi chogwirira kumapeto kwake: kumanzere ndi kumanja kunasiyana ndi mamilimita 0.2 okha. Chomangiracho ndi chida chowongolera basi. Musachisiye pamenepo ndi galasi lake, chifukwa galasi liyenera kukhala pa thupi lokha.

Nzeru ya pensulo ndinaitengera kwa mnyamata. Ndinagula kabotolo ka kyutekisi wofiira mumsika waukulu, ndinaika kadontho kodutsa pa nati ndi thupi, kena pokumanira njanji, ndi kena pa mutu wa bawuti lililonse. Pensulo imafufutika ndi mafuta ndi mvula, kyutekisi amakhala, ndipo chinthu chikasuntha amang'ambika poonekera.

Za lamba tinakambirana nthawi yaitali. Kapitawo ankafuna kuti achotsedwe pa chogwirira. Ine ndinati asiyidwe pomwe ali. Nati yomangidwa ma Nm 70 singamasulidwe ndi kulemera kwa mfuti ya makilogalamu osakwana 4, ndipo munthu amene wazolowera kunyamula mfuti mwanjira imodzi kwa zaka 3, ukamusinthira, tsiku la nguluwe yovulala dzanja lake lidzapita pamene palibe kanthu. Lamba sanalakwe, anangoulula ntchito imene inasiyidwa yosatha. Koma timakutu todyedwa tija sindingatibwezeretse, ndipo ndinalemba m'lipoti langa kwa bungwe kuti chogwirirachi chisinthidwe, aitanitse china kudzera m'njira zawo za chilolezo. Mpaka chidzafike, chikudalira mabawuti awiri okha, ndiye madontho ofiira aziyang'anidwa tsiku lililonse mfuti isanatuluke.

Pa bwalo

Tinapita kukayesa m'mawa chifunga chitangochoka pa mitengo ya paini. Diso lakumbuyo ndinaliika pakati penipeni. Nditatsamira pa thumba la mchenga, zisanu zoyamba pa mamita 50 zinagwa mkati mwa masentimita 3.5, chala chimodzi kumanzere kwa pakati, ndi zipolopolo za bokosi lomwe lija ndinaliimba mlandu. Kudina kuwiri pa diso lakumbuyo kupita kumanja kunakwanira. Kenako ndinawombera 20 motsatizana kuti mpope utenthe, ndinapotoza chogwirira ndi manja awiri mbali zonse, ndinayang'ana madontho, ndinawomberanso zisanu. Zinagwa pamalo omwewo.

Ndinapereka mfuti kwa mnyamata uja. Anawombera ataima, atagwada ndi atagona, monga mayeso awo amafunira, ndipo anakhoza zonse. Kapitawo anatenga pepalalo, analiyang'ana kwa kanthawi, nkunena kuti, "Mwana wanga, ndinakulakwira." Kenako anatembenukira kwa ine nkufunsa ngati mfuti zina zimene zinagulidwa pamodzi ndi iyi sizingakhale ndi matenda omwewo.

Funso limenelo ndinayenera kulifunsa ndine. Zinalipo zina zitatu za chogwirira chofanana. Sabata yotsatira ndinazivula zonse. Ziwiri zinali bwino, nati zolimba, timakutu tathunthu. Yachitatu inali ndi tepi yoyera yomweyo m'mizere ndi mabala a mano pa nati, ngakhale inali isanayambe kusuntha, mwina chifukwa mlonda wake amakoleka lamba kumanja. Ndinaimanga chimodzimodzi, iyo bowo linakumana pa ma Nm 58.

Pa pepala langa loyendera mfuti panali mzere umodzi wonena za chogwirira, wakuti "cholimba kapena chogwedera", umene ndinautengera ku mfuti zakale. Tsopano pa mfuti za chogwirira chosakhudza mpope ndinaonjezera mizere inayi: pamene diso lakumbuyo laima, levulo pa njanji zonse ziwiri, chonyamulira bolt kutsetsereka chokha, ndi nati ya mpope pa mfuti iliyonse imene ndikuiona koyamba, ngakhale kunja ioneke yabwino chotani. Ndinapemphanso kapitawo kuti mlonda akalephera mayeso mosayembekezereka, munthu wina awombere mfuti yomweyo tsiku lomwelo, ndipo wolepherayo awombere mfuti ina, asanaweruze kuti vuto lili pati.

Mfutiyo ndinaionanso mu Juni, ndiponso mu Okutobala pa ulendo wanga wa nthawi zonse. Madontho onse anali athunthu, ndipo diso lakumbuyo linali pomwe tinalisiya, kudina kuwiri kumanja kwa pakati. Kapaipi katsopano kalibe bala. Mnyamata uja akadali pa gulu loyenda ndi mfuti, ndipo kapitawo anamupatsa ntchito yoyang'ana madontho a mfuti zonse zinayi m'mawa uliwonse. Chogwirira chatsopano sichinafikebe. Mapepala ake akuyenda, ndipo chikafika nati yake idzafunika kusintha nayonso, chifukwa kawirikawiri nati ya wopanga wina siigwirizana ndi chogwirira cha wopanga wina.